Amisiri osaoneka a m'dontho la madzi

Mtsinje wa Ruo ukatsika kuchokera kuphiri la Mulanje nthawi ya dzinja, umafika pa Chiromo utasenza dothi la m'minda ya ku Mulanje, ya ku Thyolo ndi ya kutsidya ku Mozambique. Pamenepo umathira mu Shire, umene umakhala utangotuluka kumene m'dambo lalikulu la Elephant Marsh, ndipo madzi odutsa ku Bangula amakhala ali psuu, olemera ndi matope. Anthu a kuno amawadziwa madzi amenewa kukoma kwake ndi kuwawa kwake komwe. Ndi omwewa amene mu 1997 anadula njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo n'kusiya phompho la Mtayamoyo, pomwe anthu akhala akuwoloka pabwato popita ku Makhanga ndi ku Muona. Madzi saiwala khwawa: anabweranso mu Januwale 2015, anabwera ndi namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023. Koma ndi omwewanso amene akaphwa amasiya matope achonde m'madimba, momwe chimanga, mbatata ndi nyemba zimabiriwira m'chilimwe pamene kumtunda kuli gwaa.

Za ukali wa madziwa zalembedwa zambiri, ndipo n'zoyenera kutero. Koma m'madzi omwewo muli nkhani ina ya tinthu tosaoneka ndi maso, imene nthawi zonse ndikaiganizira ndimagwira pakamwa.

Tungani madzi a mu Shire m'ndowa, muiike pamthunzi, musaigwedeze. Mchenga umakhala utadikha pansi pasanathe mphindi imodzi. Dothi losalala limatsatira patapita maola. Koma mukabwerako mawa, madziwo amakhalabe ali mbuu, ndipo mkuja amakhala asanayeretu. Chimene chatsalamo ndi tizidutswa ta dongo. Kachidutswa kamene kukula kwake ndi maikulomita imodzi, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, kamamira pafupifupi masentimita 8 okha pa tsiku lathunthu. Kochepa kakhumi poyerekeza ndi kameneko sikamira ngakhale milimita imodzi pa tsiku. Ndipo pa msinkhu umenewo kulemera kumayamba kugonja, chifukwa pali china chimene chikukankha tizidutswato usana ndi usiku.

Mu 1827 katswiri wa zomera wa ku Scotland, Robert Brown, anayang'ana pa maikulosikopu tinthu totuluka mu mungu wa maluwa tili m'madzi, n'kuona kuti tikunjenjemera osaleka. Poyamba zinkaoneka ngati tili ndi moyo. Anayesa fumbi la miyala ndi la galasi, nalonso linanjenjemera chimodzimodzi. Yankho linadzabwera mu 1905 kuchokera kwa Albert Einstein: madzi enieniwo ndi opangidwa ndi mamolekyu amene sakhala phee, ndipo amagunda kachidutswako mbali zonse kosawerengeka pa sekondi iliyonse. Nthawi ina akumanzere amaposa akumanja, nthawi ina akumanja amaposa akumanzere, basi kachidutswako n'kumangodzandira. Jean Perrin wa ku France anayeza kudzandira kumeneku mosamala kuyambira mu 1908, ndipo mu 1926 analandira mphoto ya Nobel. Madzi a m'ndowa amene ife timati adikha, m'kati mwake muli piringupiringu wosatha. Chimene timachitcha kutentha ndi kuyenda kumeneku, choncho m'mwezi wa Okotobala, dzuwa la kuchigwa likamaswa mtengo, mamolekyuwo amathamanga kuposa mu Juni.

Madzi kapena chamadzimadzi chilichonse chokhala ndi tinthu ta msinkhu umenewu, kuyambira nanomita imodzi mpaka cha m'ma maikulomita imodzi, asayansi amachitcha koloidi. Mkaka ndi koloidi, penti ndi koloidi, magazi nawonso amawerengedwa m'gulu lomweli. Dothi la makande, lakuda lija la m'chigwa chino limene alimi a thonje amalidziwa, nalonso lili momwemo. Dongo lake ndi la timapepala topyapyala pafupifupi nanomita imodzi, tosanjikizana. Mvula ikagwa madzi amalowa pakati pa timapepalato, dothi n'kufufuma, n'kumamatira kukhasu ndi kumapazi. Dzuwa likawomba madzi amachoka, dothi n'kung'aluka ming'alu yolowa dzanja. Dongo la mtundu umenewu, mutati muyale timapepala take tonse mbali zonse ziwiri, magalamu 15 okha angakwane hekitala yathunthu. Mlimi akaponda m'munda mwake amaponda pa mahekitala osawerengeka opindidwa pansi pa chidendene chimodzi.

Tsono funso limene lasautsa akatswiri kwa zaka zambiri ndi ili: tinthu tongodzandira chonchi, topanda maso, topanda cholinga, tingathe bwanji kudzisanja m'mizere?

Kusanjika kwa mtundu wina timakudziwa kale kuno. Chigwa chino chili ndi mchere m'nthaka, n'chifukwa chake mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje imatulutsa madzi owawa. Kale amayi a Chimang'anja ankapala dothi la mcherelo, n'kulichezera mumphika woboola pansi, n'kuwiritsa madzi odonthawo mpaka ataphwa. David Livingstone anaiona ntchito imeneyi podutsa mu Shire cha m'ma 1859, ndipo katswiri wathu wa mbiri yakale, Elias Mandala, analemba za momwe mchere unalili chuma cha amayi a m'chigwa. Chotsala mumphikamo chinali timibulu toyera, ndipo kambulu kalikonse ka mchere mukakayang'anitsitsa kali ndi ngodya zowongoka, mbali zisanu ndi imodzi. Imeneyo ndiyo krustalo: chinthu chimene tizigawo take tandandalikana mwadongosolo, mzere pa mzere, mobwerezabwereza. Shuga wa ku Nchalo nayenso ndi krustalo. Koma za mchere n'zosavuta kuzimvetsa, pakuti tizigawo take tiwiri, sodium ndi chlorine, tili ndi mphamvu za magetsi zosiyana ndipo timakokana. Madzi akachoka, timagwirana. Zokokana zikagwirana, palibe amene amadabwa.

Chodabwitsa chimayamba pamene kukokanako kulibe. Mu 1957 Berni Alder ndi Thomas Wainwright, ku Livermore m'dziko la America, anagwiritsa ntchito imodzi mwa makompyuta oyambirira kuyerekeza timipira tolimba, tofanana msinkhu, tosakokana ngakhale pang'ono, tongogundana n'kubwerera. Atatipanikiza m'malo ochepa, timipirato tinadzisanja tokha m'mizere ya krustalo. Akatswiri ambiri anakana kukhulupirira. Koma mu 1986 Peter Pusey ndi William van Megen anachita zomwezo ndi timipira tenitieni ta pulasitiki, tochepera maikulomita imodzi, toyandama m'mabotolo. Timipirato tikadzaza magawo osakwana 49 mwa magawo 100 a botolo, timangoyenda balalabalala. Tikapitirira pamenepo, timakrustalo timayamba kuoneka, tonyezimira mitundu yosiyanasiyana botolo likayang'ana kukuwala. Pofika magawo 55, botolo lonse limakhala krustalo.

Chifukwa chake n'chimene chimandizizwitsa. Mipira yofanana ikangothiridwa mwachisawawa, imathinana n'kulephera kusuntha ikadzaza magawo 64 mwa 100. Ikasanjidwa bwino, uliwonse utakhudzana ndi inzake 12, imatha kudzaza mpaka magawo 74. Johannes Kepler ananena mu 1611 kuti palibe kasanjidwe koposa pamenepa, ndipo umboni wa masamu unadzaperekedwa ndi Thomas Hales mu 1998. Ndiye taganizani timipira tadzaza magawo 56. Tikakhala mwachisawawa, tatsala pang'ono kuthinana, kalikonse kalibe pogwedezekera. Tikakhala m'mizere, mpata wotsala ndi wochuluka, ndipo kalikonse kali ndi kabwalo kake kovinira. Tinthu tongodzandira timathera nthawi yochuluka m'kakhalidwe kamene kali ndi njira zambiri zosunthira, ndipo pothinana chonchi kakhalidwe kameneko ndi ka m'mizere. Akatswiri amati ndi ntchito ya entropy, ndiko kuti muyeso wa kuchuluka kwa njira zimenezi. Ambirife tinaphunzira kuti chinthu chikasiyidwa pachokha chimamka chisokonekera. Apa chisokonezo chomwecho, chitafika pothina, chikubala dongosolo. Amene anaika lamulo limeneli analiika mozama kuposa momwe tinkaganizira.

Zimakoma kwambiri mukasakaniza timipira ta misinkhu iwiri, tikulutikulu ndi ting'onoting'ono.

Mu 1954 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Nagoya ku Japan, Sho Asakura ndi Fumio Oosawa, analemba kalata yaifupi m'magazini ya asayansi yonena kuti zinthu ziwiri zazikulu zosakokana zingathe kukankhidwira pamodzi ngati m'madzimo muli tinthu ting'onoting'ono tambiri. Kwa zaka pafupifupi 20 ndi ochepa amene anailabadira, mpaka Agienus Vrij wa ku Utrecht m'dziko la Netherlands anafika pa mfundo yomweyo mu 1976. Lero mphamvu imeneyi imadziwika ndi dzina lakuti depletion.

Taganizani khola lodzaza ndi tiana ta mbuzi todumphadumpha, ndipo m'kati mwake mwaima ng'ombe ziwiri zofatsa zimene zimangosuntha zikakankhidwa. Ng'ombezo zikatalikirana, tianato timazigunda mbali zonse mofanana, ndipo palibe kumene zikupita. Koma zikangoyandikana mpaka mpata wa pakati pawo kuchepa kotero kuti kamwana ka mbuzi sikangalowepo, zinthu zasintha. Kunja kukugundidwabe, pakati palibe wogunda. Ng'ombezo zimapezeka zatsamirana. Sizinaitanane, ndipo tianato sitinapangane kuti tizisonkhanitse. Kamwana kalikonse kakungodumpha kudumpha kwake.

M'koloidi zimachitika chomwecho. Kampira kakakulu kalikonse kazunguliridwa ndi kadera kamene pakati pa kampira kakang'ono sipangafike, pakuti kakang'onoko kamayamba kagunda. Tikulutikulu tiwiri tikayandikana, madera awiriwo amalowana, ndipo malo oletsedwa onse pamodzi amachepa. Malo amene apulumukawo amapita kwa ting'onoting'ono, timene tsopano tili ndi poyenda pokulirapo. Popeza ting'onoting'onoto ndi tambirimbiri, phindu lake limaposa ufulu umene tikulutikulu tataya. Mphamvu imeneyi ili ndi zingwe ziwiri zoiwongolera. Kukula kwa ting'onoting'ono ndiko kumanena mtunda umene kukankhako kumayambira, ndipo kuchuluka kwake ndiko kumanena mphamvu ya kukankhako. Onjezani ting'onoting'ono pang'ono, tikulutikulu timayamba kukumana n'kusiyana, kukumana n'kusiyana. Onjezaninso, timasonkhana m'magulu n'kudzisanja m'krustalo, ngakhale m'botolo limene tokha sitikanathinana n'komwe. Cha m'ma 1994 gulu la Arjun Yodh wa ku yunivesite ya Pennsylvania ndi David Pine linaona kuti timakrustalo timeneti timayamba kumera pakhoma la botolo, chifukwa kampira kakatsamira khoma lafulati malo opulumuka amakhala pafupifupi kawiri poyerekeza ndi kakatsamira kanzake.

Pali malire ake. Ting'onoting'ono tikachulukitsa, kukankha kumanyanya, ndipo tikulutikulu timamatirira pomwe tagundana koyamba, osathanso kutsetsereka kuti tipeze malo oyenera. Chotuluka chimakhala phala lolimba lopanda mizere. Krustalo imafuna kukankha kwapakatikati, kokwanira kusonkhanitsa koma kolola kampira kolakwitsa kuchoka n'kukayesanso pena. Imafunanso nthawi. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ngakhale kulemera kwa timipirato kumasokoneza ntchitoyi: mu 1995 mabotolo a timipira ta pulasitiki anakwezedwa m'chombo cha m'mlengalenga cha Columbia, ndipo ena amene pansi pano anakhala osasanjika kwa nthawi yaitali anasanduka krustalo kumwambako pasanathe milungu iwiri.

Zonsezi zimachitika ting'onoting'ono tikakhala tochepetsetsa poyerekeza ndi tikulutikulu. Misinkhu ikayandikana, tiwiri tonseto timamanga nyumba imodzi, ndipo woyamba kuonetsa zimenezi sanali munthu, unali mwala. Opal ndi mwala wamtengo wapatali umene umakumbidwa ku Coober Pedy ndi ku Lightning Ridge m'dziko la Australia, komanso ku Wollo m'dziko la Ethiopia. Umawala mofiira, mobiriwira ndi mwa mtambo ukamautembenuza, koma mulibe utoto uliwonse m'kati mwake. Mu 1964 J. V. Sanders wa ku Australia anauyang'ana ndi maikulosikopu yamphamvu n'kupeza kuti ndi timipira ta silica, chinthu chomwe chimapanga mchenga, tokula mananomita 150 mpaka 300 kapena kuposerapo pang'ono, tosanjikizana m'mizere. Madzi oyenda m'ming'alu ya miyala ndiwo anatisiya mmenemo kalekale. Mtundu umene diso limaona umachokera ku mpata wa pakati pa mizereyo: timipira tokulirapo timabweza kuwala kofiira, tochepera timabweza kwa mtambo. Kenaka mu 1978 Sanders ndi mnzake M. J. Murray anafotokoza za opal wina wochokera ku Brazil amene anali ndi timipira ta misinkhu iwiri. M'zigawo zina kakakulu kalikonse kanali ndi ting'ono tiwiri. M'zigawo zina kanali ndi ting'ono 13.

Kasanjidwe ka 13 kameneka n'kofunika kukaimirira pang'ono. Ting'ono 13 timapanga kagulu: kamodzi pakati, 12 mozungulira. Kagulu kalikonse kakhala pakati pa tikulutikulu 8, ndipo kagulu koyandikana nako katembenuzidwa, kotero kuti pamafunika timipira 112 kuti chithunzi chonse chithe n'kuyambanso kubwereza. Munthu wopatsidwa mikanda ya misinkhu iwiri angathe kukhala chaka osaitulukira njira imeneyi. Mu 1992 Paul Bartlett, Ron Ottewill ndi Peter Pusey ku England anasakaniza timipira ta pulasitiki, kakang'ono kali magawo 58 mwa 100 a kukula kwa kakakulu, n'kusiya mabotolowo pashelefu. Patapita milungu, kasanjidwe komweko ka mu opal wa ku Brazil kanatulukira kokha. Chaka chotsatira Matthew Eldridge, Paul Madden ndi Daan Frenkel anatsimikiza pa kompyuta kuti sipafunika kukokana kulikonse kuti nyumba ya timipira 112 imeneyi imangike. Kudzandira kokha n'kokwanira. Ine ndikawerenga zimenezi sindiona ngozi ayi. Ndimaona nzeru imene inabisidwa m'maonekedwe a mpira weniweniwo, kudikira tsiku limene mipira idzathinane.

Wina anganene kuti izi ndi za kutali, za m'mabotolo a ku Ulaya ndi miyala ya anthu olemera. Komatu zili m'mitsempha ya wodwala aliyense amene wagona ku Kalemba kapena ku Trinity ku Muona, ndi ya namwino womusamalira yemwe. Maselo ofiira a m'magazi ndi afulati, okula pafupifupi maikulomita 8, ndipo amayandama m'madzi odzaza ndi mapuloteni ang'onoang'ono, mwa iwo fibrinogen, imene imathandiza magazi kuundana pabala. Magazi akamayenda pang'onopang'ono kapena akaima, maselowo amasanjikizana chafulati, lina pa linzake, n'kupanga timilu titalititali. Magazi akathamanga, timiluto timamasuka. Akatswiri akhala ndi mafotokozedwe awiri a zimenezi, ena akuti mapuloteni amalumikiza maselo, ena akuti amawakankhira pamodzi monga momwe Asakura ndi Oosawa ananenera, ndipo zoyesa zambiri za m'zaka zapitazi zapereka mphamvu ku mbali yachiwiriyi. Munthu akadwala matenda otupitsa m'thupi monga chifuwa chachikulu, kapena mayi akakhala woyembekezera, fibrinogen imachuluka, timilu timakula, ndipo maselo amamira msanga. Robin Fåhraeus wa ku Sweden anafufuza zimenezi kuyambira cha m'ma 1918, ndipo mu 1921 Alf Westergren anakonza njira imene ikugwirabe ntchito mpaka lero: magazi amaikidwa m'kachubu koimirira ka mamilimita 200, n'kuona kuti maselo amira mamilimita angati pa ola limodzi. M'zipatala amati ESR. Chodabwitsa china n'chakuti magazi a ng'ombe sapanga timilu timeneti kwenikweni, pamene a kavalo amapanga kwambiri. Ng'ombe zodya msipu m'mbali mwa dambo ndi mbusa wozilondola ali ndi magazi ofiira mofanana, koma Namalenga anakonza khungu la maselo awo mosiyana.

M'kati mwa selo lililonse ndiye mothinana koposa. Mapuloteni ndi mamolekyu ena aakulu amadzaza magawo 20 mpaka 30 mwa 100 a malo onse. Mothinana motero kukankha kwa ting'onoting'ono kumathandiza kumanga ulusi wa m'selo m'mitolo ndi kupanikiza DNA ya bakiteriya kuti ikhale malo amodzi. Asayansi nawo anaiphunzira njirayi. Akafuna kudziwa maonekedwe a puloteni, amayenera kuyamba aisandutsa krustalo kuti aiunike ndi X-ray, ndipo chimodzi mwa zinthu zimene amathira kawirikawiri ndi mankhwala a ulusiulusi otchedwa PEG, amene ntchito yake yaikulu ndi kulanda malo kuti mapuloteniwo akankhidwire pamodzi. Kuunika makrustalo a mapuloteni ndiko kunaonetsa, mu 1989, maonekedwe a puloteni imene kachilombo ka HIV kamadulira tizigawo take, ndipo pamenepo panachokera gulu lina la ma ARV. Utomoni woyera umene amakama kumitengo ya rabara ku Vizara m'boma la Nkhata Bay nawonso ndi koloidi, ndipo kale mu 1925 katswiri wa ku Germany, Isidor Traube, anaona kuti ukathiridwa zomatamata za ku zomera, timadontho ta rabara timasonkhana n'kuyandama pamwamba. Anaona mphamvuyi ikugwira ntchito zaka pafupifupi 30 isanafotokozedwe.

Ndiyenera kusamala pano, pakuti si kusonkhana kulikonse kwa tinthu ta m'madzi kumene kuli kwa mtundu umenewu. Madzi a matope akathiridwa mchere amayera msanga, koma chifukwa chake n'china: tizidutswa ta dongo tili ndi mphamvu ya magetsi yofanana, choncho timakankhana, ndipo mchere umaphimba mphamvuyo mpaka tizidutswato tigwirane. N'zimene zimachitika matope a mu Shire akadutsa mu Zambezi n'kukafika kunyanja yamchere. Njere za chammwamba, mtengo umene uli pafupifupi pakhomo lililonse kuno ndipo ena amautcha sangowa, nazo zimayeretsa madzi mwa njira yakeyake. Zili ndi puloteni ya mphamvu ya magetsi yosiyana ndi ya dongo, imene imamatirira kutizidutswato n'kutikokera pamodzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 akatswiri a ku yunivesite ya Leicester ndi a ku Polytechnic ku Blantyre anayesa njerezi pamalo oyeretsera madzi a ku Thyolo, ndipo zinagwira ntchito mofanana ndi mankhwala ogula kunja. M'madzi a m'dambo, momwe muli dongo la misinkhu yosiyanasiyana, zowola za gumbwa ndi namasupuni, ndiponso zolenda zotuluka m'mabakiteriya, njira zingapo zimagwira ntchito nthawi imodzi. Kwa ine zimenezi zikungowonjezera ulemu. Pa ntchito imodzi yokha yosonkhanitsa tinthu tobalalika, chilengedwe chili ndi njira ya kukokana, njira ya kuzimitsa kukankhana, ndi njira iyi ya kupereka malo kwa ochepa.

Makolo a m'chigwa chino ankapita ku Khulubvi kukapempha mvula kudzera mwa Mbona, chifukwa ankadziwa kuti madzi ali ndi Mwini wake. Ankaona ukulu wake m'mitambo yochokera kumapiri ndi m'mtsinje wosefukira. Ife tapatsidwa mwayi woona mbali ina ya ntchito yomweyo, ya pansi pa maikulomita, kumene kulibe bingu kapena mkokomo. Kumeneko Mulungu sanaike kapitawo woti aziloza kampira kalikonse pokhala. Anangolamula kuti zinthu ziwiri zisakhale pamalo amodzi, ndi kuti chilichonse chofunda chiziyenda. Pa malamulo awiri amenewa, osavuta kuwanena ngakhale kwa mwana wa Sitandade 5, pakutuluka kuwala kwa opal, timilu ta m'magazi, ndi nyumba ya timipira 112 imene palibe mmisiri anaijambula. Ndipo ntchito yaikulu ikugwiridwa ndi tinthu tochepetsetsa m'botolomo, timene ngakhale pa maikulosikopu nthawi zambiri sitioneka. Munthu amangoona tikulutikulu tikusonkhana, n'kumaganiza kuti tikukondana.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ana ambiri a m'chigwa chino amamaliza Fomu 4 atajambula mamolekyu m'makope koma asanaonepo ndi maso awo kanthu kakudzandira. Pomwe kuona kumeneku sikulira ndalama zambiri. Sukulu imene ili ndi maikulosikopu yokuza kokwana 400 ili nazo kale zonse zofunika. Aphunzitsi a sayansi a ku Bangula, ku Ngabu, ku Fatima ndi ku Nsanje, tengani dontho limodzi la mkaka wa ng'ombe, mulisungunule m'madzi oyera mpaka angotuwa pang'ono, muike kadontho pagalasi, ndipo mwana aliyense ayang'anemo payekha kwa mphindi yathunthu. Adzaona timadontho ta mafuta tikunjenjemera monga momwe Brown anaonera mu 1827. Pambuyo pake apatseni mabotolo a madzi a mu Shire, lina athiremo mchere, lina ufa wa njere za chammwamba, lina madzi olenda a therere, lina alisiye chomwecho, ndipo alembe tsiku ndi tsiku zimene akuona. Chitani zimenezi teremu ino, madzi a mumtsinje asanayere.